Atatu pa Zana

Mu lipoti langa ali pa tsamba la 41,
kumunsi, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere:
makinawa amalakwa katatu pa zana lililonse.
Anzanga ku ofesi ku Riga anawomba m'manja.
Katatu kokha! Wina anathira khofi wachiwiri.

Ine ndinakwera sitima ya mbandakucha ya ku Daugavpils
kukaona nkhope za atatuwo.

Nyumba yosanja, chikepe chinafa kalekale,
masitepe akununkha kabichi ndi amphaka.
Pamwamba penipeni anatsegula chitseko
bambo Voldemārs Strazdiņš,
majekete awiri, chipewa chili kumutu m'nyumba momwe,
mpweya wa m'kamwa uli tolotolo ngati utsi wa fodya.

Kompyuta ya khonsolo inawerenga mita yawo ya magetsi,
inaona kuti sikuyenda,
inagamula kuti muno simukhala munthu
n'kudula thandizo lotenthetsera nyumba.
Chonsecho mita sikuyenda chifukwa mwini wake
amathimitsa chilichonse poopa bilu.
Wailesi amayatsa Lamlungu lokha.
Nyuzipepala amawerengera pawindo, dzuwa likalola.

"Ndinasunga ndalama mpaka ndinasanduka mzukwa,"
anatero akuseka, mano akugwedezeka.
Anandiwiritsira tiyi. Ndinamva chisoni
poona mita ikuzungulira chifukwa cha ine.

Lachinayi, komiti inandipatsa mphindi zisanu ndi ziwiri.
Zinayi zinathera pa magalafu obiriwira.
Nditatchula majekete awiri aja
mayi Skaidrīte Bērzkalne anavula magalasi:
"Mayi Gundega, umenewu ndi umboni kapena nthano?"

Funso labwino. Inenso ndimafunsa ophunzira anga lomweli.
Munthu mmodzi si chiwerengero, ndikudziwa.
Koma zikwi makumi anayi za mabanja,
chotsanipo atatu pa zana lililonse,
muwerenge zitseko zimene palibe anagogoda.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko,
koma makina alibe m'mimba,
ndipo ife tinawapatsa makiyi.

Sindinanene zonsezi. Nthawi inatha.
Ndinangopempha chinthu chimodzi:
makina asanafafanize dzina,
munthu wa miyendo akwere masitepe, akagogode.

Anafunsa kuti kugogoda kumodzi ndi ndalama zingati.
Ndinali ndi yankho, mpaka masenti.
Analemba. Anathokoza.
Nkhaniyi, anati, tidzaiunikanso mu Epulo.

Mu Epulo chipale chimakhala chitasungunuka
ndipo aliyense amakhululukira nyengo yozizira.

Usiku ndinatsegula lipoti lija,
ndinanyamula nyerere za pa tsamba la 41
n'kuziika pa tsamba loyamba, pamwamba pa dzina langa.
Kenako ndinaimba foni ku Daugavpils.
Inaitana, n'kuitana.
Ndinawerenga, poti kuwerenga ndiyo ntchito yanga:
kasanu ndi katatu, kasanu ndi kanayi, kakhumi.

"Pepani," anatero mawu aja,
"ndinali pansi pa mabulangete.
Lembani kuti ndilipo."