Zimene Alfazema Anakonza

Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulemba buku limodzi
pakhonde lino ku Chiromo,
pamene Ruo amasanzira matope ake mu Shire
ndipo dzuwa la Okutobala limaumitsa inki
ganizo lisanafike kumapeto.
Nkhaniyo ndinaikankhira kutali,
m'masiku a sitima zapamadzi zodya nkhuni,
makolo athu akusenza mabelo a thonje padoko,
msonkho ukulipidwa ndi msana.
Ndinati kumeneko palibe adzandipeze.

Muli anyamata awiri odula nkhuni za sitima
ndi mtsikana wotcheza mchere kudambo.
Wina ali ndi pakamwa, amukwatira.
Winayo angonola nkhwangwa
masamba mazana atatu.

Maso anga achita ng'ala tsopano.
Ndiye Lachinayi lililonse Alfazema amawoloka kuchokera ku Bangula,
njinga ataigoneka m'bwato pakati pa madengu a milamba youma,
kudzandiwerengera zomwe ndinalemba ndekha.
Tinadziwana tikupirikitsa mpheta m'mapira,
makabudula ali ndi mawindo kumbuyo.
Iye anakakhala kalaliki wa pamsika wa thonje,
mpaka lero amawerenga ngati ali pasikelo,
chala pansi pa mzere, kukayikira liwu lililonse.

"Apa wanama.
Pokwera madzi bwato silidzera pakati, limanyambita bango."
Ndimakonza.
"Nyika sakumba ndi khasu, aphunzitsi.
Umamira mpaka m'khosi, mtima uli pa ng'ona."
Ndimakonza.
"Mbuzi iyi inafa pa tsamba makumi anayi,
bwanji ikuliranso kuno?"
Timaseka mpaka chifuwa chake chakale chija chitadzuka.
Za mtsikana wa mchere sananenepo kanthu,
miyezi isanu ndi iwiri.

Nyasemba tinamuika chaka chimene madzi anadula njanji.
Mbiri yake pamanda ndinawerenga ndine,
mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono,
anthu nkumati aphunzitsi ndi olimba mtima.
Mwamuna wake anandigwira dzanja pobwerera
ndipo sitinalankhule mpaka pamsewu.

Dzulo tinafika pa mutu wa khumi ndi chiwiri:
usiku wa valimba, fumbi likukwera ndi mwezi,
mtsikana atavala nsalu yofiira
atembenuka pakati pa gule
nayang'ana wonola nkhwangwa uja
kamodzi.

Chala chinaima.
Ndinamva nkhuku ikupalasa pansi pa nkhokwe,
mwana wa kwa aneba akukhoma chitini,
thukuta likuyenda kumsana kwanga ngati nyerere.

"Sinali yofiira," anatero.
"Inali yobiriwira, ya madontho oyera.
Ndinakagula ndekha kwa Mmwenye ku Nsanje,
ngongole ya miyezi iwiri."

Anapempha madzi. Anamwa pang'onopang'ono.

"Ndipo sikanali kamodzi.
Kanali katatu. Ndinkawerenga."

Ine amene ndadya moyo wonse ndi mawu
ndinafunafuna limodzi, ngati ndalama yogwera m'madzi a chigumula.
Zaka makumi asanu ndi ziwiri
ndinkayesa ndasenza mtolowu ndekha,
osadziwa kuti mbali inayo wagwira wina
ndipo sanadandaulepo kulemera.

Ananyowetsa pensulo palilime,
nakonza yekha m'mphepete mwa tsamba.
Ndinamva kukanda kwake. Kunali kwafupi.

Ndinati gonani konkuno, kwada,
udzudzu wakuno ndi womwewo wa kwanu.
Anakana: wopalasa bwato salinda nkhalamba,
komanso mbuzi zake sizidziwa za mabuku.
Atafika pa msawu uja anatembenuka.
Sindinamuone, ndinangomva mawu akubwerera.

"Ndasuzumira kumapeto.
Wonola nkhwangwa uja wamumiza pa mathiriro a Ruo.
Mutulutse, iwe.
Ukamupha, Lachinayi ndizipita kwa yani?"

M'mawa uno ndatuma mdzukulu kugolosale
akandigulire kope lina
la mizere ikuluikulu.