Chikhadabo ndi Singano

Zaka makumi awiri ndamata matayala ku Chilenje,
pansi pa malata anayi ndi kompulesa yotsokomola,
ndipo sikelo yanga inali chikhadabo.
Ndikatsina tayala ndinkagamula:
ili likadali lanthete, ili lakalamba, katayeni.
Palibe wa minibasi ananditsutsapo.

Wonditsutsa anatuluka m'nyumba mwanga momwe.
Tikambenji, zaka khumi ndi zitatu,
chisoti chikumugwera m'maso,
atatsika m'kagalimoto kake kopanda denga, kopanda chitseko,
kokwawa ndi mimba ngati buluzi.
"Atate, pakona yachitatu kakumavina.
Kumbuyo kukufuna kupitirira kutsogolo."
Ndinatsina onse anayi. Ndinati ali bwino.
Sanayankhe.
Anangopukuta galasi la chisoti ndi malaya.

Lolemba ndinali ku Kamwala.
A Mushota anayala mageji atatu pa kauntala.
Yoyamba ya mano akuthwa, ya chilembo D:
"Iyi ndi ya mapaipi ndi pulasitiki, ikubowolerani tayala."
Yachiwiri yowala manambala, yadyera mabatire.
Ndinakumbukira tochi yanga yakufa m'dilowa.
Yachitatu ya chilembo A, nkhope ngati wotchi,
singano imodzi yogona pa ziro,
kansonga kobisala kunsi ngati mbola ya njuchi.
Mtengo wake? Mapanchala makumi asanu ndi limodzi.
Ndinawerenga kawiri, ndinadandaula katatu,
ndinalipira.

"Musaikhulupirire msanga," anatero a Mushota,
akundipatsa kachidutswa ka labala kolembedwa sikisite.
"Iyambe yanena zoona apa.
Mboni nayonso imalumbira kaye."

Loweruka m'mamawa, mphepo ya Juni ikuluma makutu,
ndinagwada pa phula ngati wolapa.
Pukuta fumbi.
Khazika phazi la geji mosapendama,
pakati, osati m'mphepete.
Kanikiza mofatsa, monga umagwirira chipumi cha wodwala.
Werenga nthawi yomweyo, singano isanayambe kubwerera.
Malo atatu pa tayala lililonse,
pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tikambenji ankalemba m'kope la masamu.
Lakutsogolo kumanja, fifite-sikisi.
Linzake, fifite-seveni.
Lakumbuyo kumanja, fifite-sikisi.
Lakumbuyo kumanzere —
ndinayeza, ndinapukuta, ndinayezanso,
ndinasuntha, ndinayang'ana kumwamba.
Sikisite-eyiti.

Linali tayala lija ndinagula motchipa kwa mnyamata wa ku Matero,
lonyezimira ngati nsapato ya mkwati,
koma litagona chaka padenga, dzuwa likuliphika.
Mkamwini wooneka bwino, mtima wa mwala.
Ndipo ine ndinalitsina kanayi konse
n'kulipatsa ulemu.

Mwanayo sanandiyang'ane.
Analemba nambalayo, anaizunguliza,
anandipatsa sipanala.

Tinasintha. Anathamanga kasanu kozungulira.
Atabwera, matayala akununkha ngati phula la mu Okutobala,
tinayezanso: onse atsika, onse afewa,
fote-naini, fifite, fifite, fote-naini.
"Kodi anama m'mawa?" anafunsa.
Ayi, mwanangu. Tayala lotentha ndi lozizira
ndi anthu awiri a dzina limodzi.
Lemba ola, lemba ngati kuli mitambo,
usayerekeze za m'bandakucha ndi za masana.

Mpikisano sanapambane.
Mwana wa a Hamoonga anauluka ngati wakuba,
wathu anafika wachinayi mwa khumi ndi mmodzi.
Koma pakona yachitatu
kagalimoto kanagwira pansi ngati nkhupakupa,
ndipo ndinamva kukuwa m'kati mwa chisoti
kopitirira phokoso la injini.

Usiku magetsi atapita,
iye ali m'tulo, kope lili pachifuwa,
ndinatsegula kabokosi pa kuwala kwa kandulo.
Ndinakhazika geji pa chala changa chachikulu,
pa chikanga cha zaka makumi awiri,
n'kukanikiza mofatsa.

Singano inakwera.
Nambala yake sindikuuzani.
M'kope la masamu simulinso malo,
ndipo chala chilibe sipeya.