Mlendo Wosadandaula

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala naye,
mlendo amene anandiikira m'chifuwa ku Joni.
Dzina lake sanandiuze.
Anangoti anali mnyamata, njinga yamoto, msewu wonyowa,
ndi mayi wina amene anasaina pepala akunjenjemera.

Ndinabwera naye kwathu ku M'baluku,
chipsera chitatsika pachifuwa ngati zipi ya jekete,
ndinabwerera pakhonde la sitolo ya Che Mdala Aubi
kupalasa makina, kusoka mayunifolomu,
iye akugunda, singano ikugunda,
osadziwa akutsatira mnzake ndani.

Wanga wakale unali wolongolola.
Ukatopa unkandigwira pakhosi,
unkatumiza moto mpaka kudzanja lamanzere.
Uyu ayi.
Adokotala anati pomusamutsa anadula timitsempha tonena ululu,
ndiye akavutika sadziwa khomo loti agogode.

Ndinamva ndi mapazi.
Nsapato za ku mzikiti zinayamba kukana Lachisanu lina.
Kenaka mlatho wa Shire unatalika,
ndinaima katatu ndisanafike kuchipatala,
anyamata a kabaza akundiimbira belu:
Kwerani, madala, mwalema!
Mkazi wanga Asiyatu anawerenga mapilo:
awiri, atatu, kenaka kugona chokhala.

Sikukupwetekani? anafunsa a Chikaonda pachipatala cha boma.
Ayi.
Ndiye chimene chikundiopsa, anatero,
nalemba kalata ya ku Blantyre,
a ku Blantyre nalemba ina.
Tinagulitsa njerwa za nyumba yosatha ija,
mlamu wanga Twaibu anatumiza za basi.

Masiku awiri pamsewu,
ndikumupepesa pa chipata chilichonse.

Sanang'ambenso zipi.
Anaboola apa, pamkono povala wotchi,
nalowetsa kawaya kuonda kuposa ulusi wa kolala,
ine maso ali gwa, ndikuonera pakanema
mitsinje yakuda ya m'thupi mwanga.
Pamene panayenera kudutsa bwato
panali potsala ngati diso la singano.
Osati pamodzi pokha ayi,
njira yonse inali itanenepa makoma,
thupi langa likumumangira mlendo mpanda
mwakachetechete, usiku ndi usana,
pomwe pakamwa panga pankati takulandirani.

Anafufumitsa kabaluni.
Anasiyamo kachitsulo kolukana ngati mono wa nsomba,
kakang'ono kuposa chikhadabo.
Ndinaona magazi akuthamangira
ngati ana otuluka m'kalasi.

Dokotala wake, mtsikana wa magalasi, sananame.
Waukulu tatsekula, anati,
timing'onoting'ono ta kunsonga kulibe waya wofikako.
Tisintha mankhwala, tichedwetse mpandawo.
Chaka chamawa mubwerenso tidzasuzumire,
ngakhale musamve kanthu.
Makamaka musakamve kanthu.

Ndabwerera pamakina.
Mapiritsi ndi khumi ndi limodzi tsopano,
ena a mafuta, ena osungunula magazi,
ena ogwira manja asilikali a m'thupi
kuti asamenye mwana wa eni.
Ndikadzibaya ndi singano magazi sachedwa kudetsa nsalu.
Mwezi wa Ramadani shehe anandiuza:
imwa pa nthawi yake, udyetse wosauka,
Mulungu amawerenga bwino kuposa iwe.

Amati mlendo ndi mame.
Ine ndikuti akhaleko mpaka dzuwa litakwera,
ndimalize diresi laukwati wa Dunia,
ndione ngati njerwa zingaumbidwenso.

Usiku magetsi akathima
Asiyatu amaika khutu pachifuwa panga
ngati munthu womvetsera kuchipinda cha alendo
ngati bulangete lawakwana.
Amamufunsa m'Chiyao, amamufunsanso m'Chichewa.
Ine ndimati mwina ankayankhula Chizulu.

Sayankha.
Amangogunda,
ndipo ife, eni nyumba,
taphunzira kuyang'ana mapazi m'mawa uliwonse.