Sitima ya M'chipinda cha ku Mayfair

Bambo anga ankasintha njanji pa Nkaya,
mbendera yofiira m'thumba, wezulo pakhosi.
Ine ndinatengera khutu lokha:
ndinkaimva ya katundu isanatulukire,
agalu asanadzuke n'komwe.

Ku Joni ndinadzera kulondera magalimoto a eni.
Ndikaweruka m'mawa, maso ali psuu,
ndinkadzera pa mlatho wa ku Braamfontein
n'kuima ngati wataya kanthu,
pansipo mabogi ali ndandanda, achikasu ndi otuwa,
ine n'kumalemba manambala awo kuseri kwa lisiti la buledi.

Loweruka lililonse pankabwera mkulu wa kamera,
a Coetzer, zala zonjenjemera,
amene anayendetsa sitima zaka makumi atatu.
Chizungu changa chokhota, chawonso chokhota,
koma injini ikalira
tonse tinkatembenukira kumodzi.

Kenako njanji zina zinangoti zii.
Mawaya anapita usiku pamapewa a anthu,
masiteshoni anatsala zigoba zopanda zitseko,
chisoso n'kumera pomwe tinkagula matikiti.
A Coetzer anati, tiye kwathu, sizinafe zonse.

Nditaona ndinaseka. Kompyuta?
Munthu wa imvi pampando wa kukhitchini
kumaliza hutala yabodza ngati mwana wa sukulu!
Sanandiyankhe. Anangondikankhira mpando.

Ndinamasula mabuleki. Chinthu chija chinapuma, fyuu,
mpweya womwe uja wa pa Nkaya,
msana wanga n'kuvomera mutu ukadakana.
Siteshoni yoyamba ndinaipitirira ndi mabogi anayi.
Yachiwiri ndinaima kutchire,
tianthu ta pagalasi tikungondiyang'ana.
Suimika pomwe ukufuna kuima, anatero mkuluyo,
umayamba kuima ukadali kutali,
denga la siteshoni usanalione.

Miyezi isanu ndinasunga makobiri a oimika magalimoto.
Sello, wokonza mafoni m'tauni,
anandilumikizira kompyuta yotha ntchito,
fani yake yolira ngati njuchi m'botolo.
Tsopano m'chipinda chomwe timagawana atatu,
katani pakati,
ndimavala mahedifoni
n'kukoka malasha kukwera chitunda mvula ili pamsana,
kuthira mchenga panjanji mawilo akayamba kuterera,
kudikira getsi lofiira mphindi khumi zathunthu
popanda wondiona ndikanati ndilumphe.

Lekani amati ndazungulira mutu:
ulendo wa maola atatu wosafika kulikonse,
wopanda ndi malipiro omwe.
Iye amalirira mpira wa anthu osamudziwa.
Sindimunena.

Magetsi akazima pakati pa ulendo
ndimakhala mumdima chala chili pabatani,
sitima yanga itaima m'chigwa chopanda dzina,
n'kumadera nkhawa anthu amene ndanyamula
ngati kuti pali ana owadikira.

A Coetzer masiku ano saona bwino.
Ndikawayendera, ine ndimayendetsa, iwo amamvetsera,
maso ali tsinzi, tiyi akuzizira.
Wathamanga, amatero. Ndikayang'ana singano,
ndathamangadi.

Ndi iwo anandionetsa kuti njanji umatha kuyala wekha.
Ndiye usiku ndi usiku ndikumanga Nkaya.
Mphambano ndayala, kashedi ndaimika,
mlambe sindinaupeze, ndaika mtengo wachilendo
n'kuunenepetsa mpaka unafanako.
Fumbi likundivuta. Lawo ndi laukhondo kwambiri.
Amayi ogulitsa nzimbe pawindo mulibemo,
mbuzi zomwe zilimo n'zonona mopanda ulemu.

Posinthira njanji ndaimika munthu.
Ngwamimba, wavala chipewa cholimba,
nkhope si yawo ngakhale pang'ono,
koma ndi yekhayo anali ndi mbendera m'manja.
Ndikamadutsa ndimachepetsa liwiro,
ndimaliza hutala kawiri
monga ankachitira madalaivala owadziwa.
Sakweza dzanja.

Panja matakisi ayamba kale kuitana,
yunifolomu sinaume bwino.
Ndikabwerako ndidzamusunthira pamthunzi.
Dzuwa la pa Nkaya si lamasewera.