Dokotala wa Shuga ndi Njuchi Zake

Lolemba mpaka Lachisanu, ku Maribor,
Dokotala Zdenka Hribar amaletsa anthu zotsekemera.
Amapapasa khosi la mtsikana, chala pa chithokomiro:
"Meza malovu. Mezanso."
Amavula nsapato za nkhalamba Alojz
kusaka bala lomwe mwini phazi salimva.

Loweruka amakwera phiri, utsi uli m'chitini,
kukazonda ming'oma yake isanu ndi iwiri.
Njuchi sizidziwa za udokotala;
zimamuluma ngati mbala ina iliyonse.

Uchi amagawira anansi.
Botolo limodzi lokha limakhala pawindo,
la mlongo wake Bojan,
amene shuga anamutenga ali ndi zaka khumi ndi zinayi
akupemphabe kasupuni kamodzi.

Silitsekulidwa.
Dzuwa lokha ndilo limanyambita.