Lachinayi pa Shedi ya ku Makwasa

Lachinayi lililonse timakumana pa shedi,
sikelo itapachikidwa, madengu atavundikirwa,
ine kutsogolo ndi kabelu kanga ka njinga
kamene ndimaliza anthu akayamba kusokosa ngati achule.
Anandisankha kuti ndizigawa mpata wolankhula.
Palibe anandiuza kuti mawu ena amafika akunjenjemera.

Tsiku limenelo chiperoni chinatsika m'mamawa,
mizere ya tiyi itamira mpaka m'chiuno mwa phiri.
Kumapeto kwa benchi, pamene lata limadontha,
panakhala mkazi wachilendo, chitenje chili chonyowa m'mapewa,
Elufe wa ku Nsanje,
kumene tiyi amangomuona m'kapu.
Anakweza dzanja theka, ngati wabwereka.

"Pepani. Kodi pothyola timatenga masamba angati?"

Shedi yonse inafa nalo phwete.
A Namakhwa anamenya ntchafu:
"Limenelo ngakhale mbuzi za kuno zikulidziwa!"
Mlembi anapatula kope ndi chala chonyambita:
"Tinayankha mu Janyuwale, tinabwerezanso mu Epulo.
Akawerenge."
Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono
n'kubwerera m'chitenje
ngati nkhono yokhudzidwa nyanga.

Kabelu kanazizira m'manja mwanga.
Ndinaona mnyamata wina atangowoloka Muloza,
Chichewa chake chothyokathyoka, kabudula wa chigamba kumbuyo,
akudzaza dengu ndi masamba okhwima, akuda, olemera,
akuti lero ndapha makwacha.
Funso linali pakhosi tsiku lonse, koma anaopa mano a anthu.
Pa sikelo kapitawo anakhuthula dengu lonse m'matope
osanena ngakhale chifukwa.
Mnyamatayo anagona ndi njala masiku awiri.
Ndimamudziwa bwino. Ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Ngiriii!

Ndinatuluka m'mawawa osavala chipewa,
ndinathyola kamphukira pa tchire loyamba,
n'kukaika m'chikhatho chake chozizira.
"Mayi, awiri awa, ndi kansonga aka.
Mwafunsa bwino. Tonse tinayambira pomwepa."
Kenako ndinatembenuka:
"A Namakhwa, inu mwakalambira m'mizeremu,
tawauzeni chifukwa chake sititenga lachinayi."
Mkuluyo anatsokomola, anakonza kolala,
n'kuyamba kufotokoza mpaka kuiwala kuti anaseka,
manja ali m'mwamba, akuthyola tiyi wa mumpweya.

Kumbuyo kunamveka kamawu kena.
Layisoni, wa zaka zitatu m'kalabu muno,
amene sitinamvepo ngakhale kutsokomola kwake:
"Nanenso ndili nalo. Feteleza uja timathira mvula isanagwe, kapena?"
Zaka zitatu, abale,
akungothira mwa mwayi.

Belu lotsekera lisanalire, dzanja la Elufe linakweranso,
ulendo uno lonse, mpaka chigongono kuonekera.
"Dzulo sikelo inati makilo sikisitini.
Pa kapepala analemba fotini.
Awiriwo amapita kuti?"

Zii.
Madzi okha pa lata, tho, tho.
A Namakhwa anayang'ana nsapato zawo.
Mlembi anapatula Janyuwale, anapatula Epulo,
anapatula mpaka chikuto cha kumapeto.
Funso limenelo munalibe.
Tonse tinkalidziwa, tonse tinalimeza kalekale
pamodzi ndi malovu,
mpaka linasanduka ngati chiperoni,
chinthu chongobwera chokha, chosafunsidwa.
Paja kalumo kakuthwa kamabwera ndi mlendo,
koma tikanamuseka kachiwiri
akanabwerera nako m'thumba.

Yankho sitinalipezebe. Talemba kalata ku ofesi,
ndipo pa sikelo tsopano timaima awiriawiri.
Lata lija likudonthabe, ndalama ya misomali sinakwane,
koma benchi tinalisuntha.
Ndipo dzanja likakwera theka kumapeto uko,
ndimayamba ndaliza kabelu,
kuseka kusanadzuke.