Kaubweya ka Pansi pa Msewu wa ku Mitundu

Bambo anakumba nawo ngalandeyi,
kuyambira pa Sikisi Mailosi mpaka ku Bunda,
piki ikudunda pa nthaka ya Okutobala.
Ankalipidwa pa mita.
Atawaonetsa mtima wa chingwecho,
ulusi wagalasi woonda kuposa tsitsi, anaseka:
"Matuza onsewa chifukwa cha kaubweya aka?"

Usiku uno ndili mu labu ndekha
ndi zithunzi zikwi zinayi
za masamba a mtedza wodwala khate.
Chaka chatha ndikanagona pa benchi
kulondera kamzere kokwawa ngati nkhono,
bandulo n'kutha tambala asanalire,
n'kuyambiranso.

Lero ndangodina.
Potembenuka kutsekula fulasiki
zafika kale ku Zomba, ku Mzuzu,
ndi kwa mayi wina kutsidya kwa nyanja zamchere
amene dzina lake limandipinda lilime.
Tiyi asanapole wayankha:
"Zelipa, taonanso tsamba lachisanu ndi chiwiri."

Loweruka, minibasi ikanditula kwathu,
ndidzawauza zonsezi.
Adzapukuta khasu, adzayang'ana kumunda:
"Ndiye mtedza wathuwu uchira?"

Sindikudziwa, Bambo.
Koma funso lanulo
silikuyendanso pansi.